Kutenga ana asukulu kukakonza chilumba namondwe atadutsa, osakakhala mtolo kwa eni ake

Namondwe akangowomba pachilumba china chake, zithunzi zija zikayamba kuzungulira pa Facebook ndi pa WhatsApp, mitengo ili lambalamba, maboti ali pamtunda, gombe ladzadza malata ndi mapulasitiki, ana m'kalasi sachedwa kubwera. "Sala, bwanji ifeyo tipiteko tikathandize?" Funso limeneli ine ndimalikonda kwambiri, ndipo aphunzitsi anzanga ngati ana anu akufunsa choncho chonde musawazimitse moto umenewo. Ndinatengako gulu la ana a sekondale ulendo wotere, tinakhala masiku 9 pachilumba chaching'ono chapanyanja yamchere, nde zomwe ndikulemba apazi zina ndi zomwe ndinaona ndi maso, zina ndi zomwe anthu odziwa ntchitoyi anatiphunzitsa tili komweko. Chachikulu chomwe ndinatolako n'choti ulendowu si wa ifeyo, ndi wa chilumbacho ndi eni ake, ndipo mukagwira mfundo imeneyi zina zonsezi zimangoyenda zokha.

Choyamba, musathamange. Ndikudziwa mtima umafuna kunyamuka sabata yomweyo, koma masabata oyambirira ndi a madokotala, asilikali, okonza magetsi ndi ogawa madzi, mwana wa zaka 16 alibe chochita kumeneko kupatula kumwa madzi omwe akanamwa mwana wa eni chilumba. Namondwe Maria atawomba ku Dominica pa 18 September 2017 kenako ku Puerto Rico pa 20, madera ena a Puerto Rico anakhala miyezi pafupifupi 11 opanda magetsi. Ku Barbuda, Irma atadutsa mwezi womwewo, anthu onse anachita kusamutsidwa kupita ku Antigua, chilumba kutsala chopanda munthu. Nde taganizani gulu la ana 15 likufika malo otere ndi zikwama zawo. Dikirani miyezi ingapo, olo chaka, ntchito ya chilengedwe sithawa ayi, imatenga zaka zambirimbiri ndipo nthawi yomwe makamera achoka ndi yomwe manja amasowa kwambiri.

Muonenso nyengo, musakapezeke muli pachilumba namondwe wina akubwera. Kum'mwera chakumadzulo kwa nyanja ya Indian, komwe kuli Madagascar, Mauritius, Comoros ndi Mayotte, anamondwe amavuta kuyambira November mpaka April. Kenneth anasakaza chilumba cha Ibo ku Mozambique mu April 2019, Chido anagwetsa Mayotte pa 14 December 2024. Ku Fiji ndi Vanuatu miyezi yake ndi yomweyo. Ku Caribbean n'kosiyana, kumeneko ndi June mpaka November. Holide ya sukulu ikagwera mkati mwa miyezi imeneyi bola kusintha nthawi ya ulendo kusiyana ndi kuika ana a eni pachiswe.

Kenako pezani amene akuitanani. Apa ndimalimbikira kwambiri, osapita malo omwe palibe wakuitanani. Lemberani a nthambi yoona zankhalango kapena zausodzi yakumeneko, oyang'anira paki ngati chilumbacho chili m'malo otetezedwa, gulu la asodzi, sukulu yapachilumbapo, bungwe lomwe linalipo kale namondwe asanabwere ndipo lidzakhalapobe inu mutachoka. Mukawapeza musayambe ndi "tili ndi pulani yodzala mitengo 2,000", afunseni kuti ndi ntchito iti yomwe ikuima chifukwa chosowa manja, ikufuna anthu angati, ya masiku angati, ndani adzatiyang'anira, ndipo ife tikachoka adzapitiriza ndani. Safunsa anadya phula. Yankho lake nthawi zambiri silikhala lokoma kumva, amakuuzani kuti bwerani mudzazule tchire, mudzathire dothi m'machubu, mudzasankhule zinyalala, ndipo ana ena nkhope zimagwa poti amaganiza zosambira ndi nsomba zamawangamawanga. Auzeni zoona musananyamuke. Amene akufunabe kupita atamva zimenezo ndi amene mukuwafuna.

Ngati akuuzani kuti panopa sitingathe kulandira alendo, mverani. Ndalama zomwe ana asonkha zitha kugula wilibala, mapaipi ndi machubu a nazale n'kutumiza, ulendo n'kudzakhala chaka chinacho.

Gulu lisakule. Ana 10 mpaka 15 akukwana, akuluakulu osachepera atatu, amuna ndi akazi omwe, ndipo mmodzi akhale woti anaphunziradi chithandizo choyamba osati wongonyamula bokosi la mabandeji. Makalata a makolo asainidwe, ahedi adziwe zonse, inshuwalansi ikhale yoti ikulipira ngakhale kunyamula wodwala pa boti kapena ndege kupita kuchipatala chachikulu, werengani timalemba tating'onoting'ono tija chifukwa ena salipira ngati munthu wavulala akugwira ntchito yamanja. Ngati mukudutsa malire, za mapasipoti ndi makalata a ana osakwana zaka 18 yambani miyezi ingapo m'mbuyo. Funsani mwana aliyense ngati amatha kusambira ndipo mukamuone m'madzi ndi maso anu, ana amachita manyazi kunena kuti sadziwa pamaso pa anzawo. Pa boti aliyense avale jekete yoyandamitsa ija, olo mphunzitsi, olo nyanja ili bata bwanji, ndipo woyendetsa boti akati lero sitiwoloka musakambirane naye.

Za thanzi ndiima pang'ono. Katemera wa kafumbata aliyense akhale naye, chifukwa pagombe lomwe namondwe wadutsa misomali yadzimbiri ndi zidutswa za malata zili paliponse, zina zakwiririka mumchenga simungazione. Pali matenda ena omwe anthu ambiri sawadziwa, leptospirosis, amachokera ku mkodzo wa makoswe ndi ziweto womwe wasakanikirana ndi matope ndi madzi odikha, amalowera pachilonda kapena m'maso ndi m'kamwa, ndipo ku Puerto Rico atapita Maria anthu ena anafa nawo. Nde mwana amene ali ndi bala olo laling'ono alimate bwinobwino asanalowe m'matope, ndipo osasamba m'zithaphwi. Udzudzu wofalitsa matenda a dengue umaluma masana ndipo umaswana m'zitini, m'matayala ndi m'mabigili osweka omwe mukhala mukutolawo, choncho neti yausiku yokha sikukwana, mafuta othamangitsa udzudzu ndi malaya aatali manja azivala. Mapaketi a ORS tengani ambiri. Dzuwa lapagombe limawotcha kawiri, kuchokera kumwamba ndi kuchokera pamchenga.

Tsopano pali chinthu chomwe ambiri amaiwala, chomwe kwa ine ndi phunziro loyamba la ulendo wonse. Chilumba chimaopa zomwe mwanyamula osadziwa. Zomera ndi mbalame zapachilumba zinakula zokhazokha kwa zaka zikwizikwi popanda adani ambiri, nde kakangolowa kachirombo kachilendo zilibe podzitetezera. Ku Guam njoka ina yabulauni inalowa itabisala m'katundu nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itangotha, inadya mbalame zam'nkhalango mpaka mitundu yambiri kutheratu. Ndipo namondwe akadutsa nkhalango imakhala yotseguka, nthaka ili pamtunda, dzuwa likufika pansi, njere iliyonse yachilendo imamera mosavuta. Usiku woti mawa tikuwoloka ine ndinawakhazika ana onse pansi, aliyense ndi jombo zake, beseni la madzi a sopo ndi mswachi wakale. Mtsikana wina anatokosa kunsi kwa jombo yake ndi kamtengo, n'kugwetsera papepala loyera timatope touma, atatifikisa ndi chala tinawerenga njere 11, zina zaminga zina ngati fumbi. Anangoti kukamwa yasa. Kuchokera pamenepo sindinafunikenso kuuza munthu, anayamba okha kutembenuza matumba a mathalauza, kukutumula masokosi, kuyang'ana m'makona a zikwama ndi m'matenti. Katoni iliyonse ya zakudya muitsegule muione ngati mulibe nyerere kapena khoswe, ndipo mbande kapena mbewu zakwanu zisiyeni, olo zikhale zokongola bwanji.

Zida musachulutse. Magolovesi olimba aliyense mapeya awiri, jombo zotseka zala, zipewa, masaka, ndowa zokhala ndi chivindikiro zoponyamo magalasi ndi misomali, mipeni yodulira maukonde yomwe azigwira akuluakulu okha, sikelo yokoleka ija, tepi yoyezera, makope ndi mapensulo poti bolopeni imakana papepala lonyowa. Zomwe zikupezeka pachilumbapo gulani konko kuti ndalama itsale kumeneko. Makina odulira mitengo mwana asayandikire, mtengo wogwa ndi mphepo umakhala utapanikizika ndipo ukadulidwa molakwika umafwanthuka ngati uta.

Mukafika, wotchi yanu ndi nyanja. M'malo ambiri madzi amakwera kawiri ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo tsiku lililonse nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50, mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa amakwera kwambiri n'kuphwanso kwambiri. Pezani tebulo la mafunde la malowo, koma mufunsenso msodzi chifukwa iyeyo amadziwa khwawa lomwe limadzadza msanga kumbuyo kwanu inu muli kalikiliki kutsogolo. Lowani madzi akuphwa, tulukani asanayambe kubwerera, ndipo munthu mmodzi ntchito yake ikhale yongoyang'ana madzi ndi kuwerenga mitu basi. Yambani m'mamawa kusanatenthe, masana pumani pamthunzi, madzulo mugwireko pang'ono.

Ntchito yoyamba nthawi zambiri imakhala zinyalala, ndipo si kungotola chilichonse ayi. Yambani akuluakulu mwayenda nokha malowo ndi munthu wakumeneko, muike zizindikiro pa zinthu zomwe mwana asakhudze: masilinda a gasi, mabatire a galimoto ndi a sola, zigubu zamankhwala zopanda chizindikiro, majakisoni, nyama zakufa, mawaya amagetsi, ndi zidutswa za madenga a asbestos zomwe fumbi lake limawononga mapapo, zimenezo osaswa osakoka, auzeni eni ntchito. Zinazo ana azitola awiriawiri, wina kutola wina kulemba, ndipo muzisankhula pompo, pulasitiki payekha, zitsulo pazokha, magalasi paokha, zingwe ndi maukonde pazokha. Malata ndi matabwa abwino ali ndi eni ake, denga la munthu likhoza kuuluka mtunda wautali koma likadali lake, muunjike pamalo amodzi anthu adzazindikire okha. Mukapeza chithunzi, chiphaso, kope la mwana, kazipereke kwa atsogoleri apamudzipo mwaulemu.

Musanatole thumba loyamba dziwani komwe zinyalalazo zikupita. Zilumba zambiri zazing'ono zilibe kotaya, nde mukaunjika masaka 80 pagombe n'kuchoka, mafunde aakulu akubwerawo adzawamwaza ntchito yonse n'kubwerera pomwe inali. Kuwotcha pulasitiki nakonso ndi kuika poizoni mumpweya ndi m'nthaka. Pakhale boti loti lizitulutse, ndipo mtengo wake muuike mu bajeti kuyambira pachiyambi.

Zina ndi zoti muzisiye pomwepo. Ana amafuna gombe lizioneka loyera ngati pa kalendala, amayamba kukokolola ndere zouma ndi zikuni zomwe nyanja yalavula, aletseni. Zimenezo ndi zomwe zimagwira mchenga kuti milu iyambenso kukwera, tizilombo timakhala momwemo, mbalame zimadya momwemo, njere zimamera momwemo. M'nkhalango namonso chipika chogwa ndi nyumba ya zamoyo zambiri ndipo chikaola ndi manyowa, chotsani chokhacho chomwe chatseka njira kapena ngalande. Ngati gombelo amaikirapo mazira akamba am'nyanja funsani malo ake enieni, mazira amakhala mumchenga pafupifupi miyezi iwiri, osakumbapo, osakhomapo chikhomo, osayendetsapo wilibala, ndipo mukapeza mazira omwe mafunde afukula musawatembenuze chifukwa kamwana kali mkatimo kamafa, itanani amene anaphunzira ntchitoyo. Usiku matochi owala ndi mafulashi a foni pagombe ayi, tiana ta kamba timatsata kuwala nde timasochera kulowera kumtunda.

Pa milu ya mchenga pali chomera china choyanga, Ipomoea pes-caprae, m'bale wake wa mbatata, tsamba lake lili ngati phazi la mbuzi ndipo maluwa ake ndi ofiirira, chimapezeka m'magombe otentha pafupifupi dziko lonse. Chimenecho ndi udzu wam'mphepete mwa nyanja ndi zomwe zimasoka mchenga. Nthawi zina ntchito yabwino koposa ndi kungokhoma zikhomo ndi chingwe kuti anthu azidutsa njira imodzi osapondaponda paliponse, chomeracho chimabwerera chokha.

Nde tifike pa mangrove, poti apa ndi pomwe magulu ambiri amataya ndalama ndi thukuta. Mitengo imeneyi imamera m'matope pomwe madzi amchere amalowa ndi kutuluka, imafooketsa mafunde asanafike kunyumba za anthu, imagwira matope, ndipo tiana ta nsomba, nkhanu ndi tinsomba tina timakulira m'mizu yake. Aliyense amafuna kudzala chifukwa n'kosavuta, mbewu ya mtundu wa Rhizophora ndi yaitali ngati kandulo, umangoizika m'matope chithunzi n'kujambula. Koma tamvani izi. Ku Sri Lanka tsunami ya 2004 itadutsa anadzala mangrove malo ambiri, ofufuza atapita kukaona malo 23 anapeza kuti malo atatu okha ndi omwe mitengo yoposa theka inapulumuka, malo ena sipanatsale olo umodzi. Ku Philippines atapita namondwe Haiyan wa mu November 2013, akatswiri ngati Jurgenne Primavera anachenjeza kuti mitengo yambiri yomwe inkaoneka ngati yafa inali ikuphukanso yokha, ndipo kuti kudzala Rhizophora kutsogolo kwenikweni kwa nyanja kapena pa udzu wam'madzi n'kulakwitsa. Mitundu ya Avicennia ndi Sonneratia imaphukira pathunthu olo itathyoka n'kuyoyoka masamba onse, nde mtengo wooneka wouma musathamangire kuudula, palani khungwa pang'ono ndi chikhadabo muone ngati mkati muli mobiriwira.

Chomwe chimapha mangrove namondwe atadutsa nthawi zambiri ndi madzi osayenda. Mchenga, zipika ndi zinyalala zimatseka timakwawa, madzi amadikha kumbuyoko osatuluka, mizu yopumira ija imamira, mitengo n'kumafa pang'onopang'ono patapita miyezi. Mangrove amafuna madzi azibwera n'kumapita, malo ake ndi kuyambira pakati pa mulingo wa nyanja kukwera mpaka pomwe madzi amalekezera akadzadza, kunsi kwa pamenepo mbande imangomira. Nde funso loyamba si loti tidzale ingati, ndi loti n'chifukwa chani sikumera yokha pano. Ngati mitengo ikuluikulu yobereka ilipo pafupi ndipo madzi akuyenda bwino, mbewu zimabwera zokha ndi mafunde.

Ife masiku atatu athunthu tinathera pa khwawa limodzi. Ukonde waukulu wa nayiloni unali utakulunga mizu, utagwira mapulasitiki, nthambi ndi mchenga mpaka kupanga ngati damu, kumbuyo kwake madzi akuda onunkha ngati mazira owola. Bambo wina wachikulire, msodzi, ndi amene ankatitsogolera, ankaloza ndi ndodo kuti dulani apa, apa musiye muthyola muzu. Ana ali m'matope ofika m'mawondo, kudula chingwe chimodzichimodzi, kukoka, kupatsirana. Mnyamata wina anapeza nkhanu yamoyo itakodwa mwendo, anakhala mphindi zambiri akumasula ulusi ndi zala zonjenjemera mpaka inatsetsereka n'kulowa kuuna. Tsiku lachitatu madzi akuphwa tinachotsa chigawo chomaliza, ndipo madzi akuda aja anayamba kutuluka, poyamba pang'onopang'ono kenako mkokomo. Bambo aja anangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Ana anga, tsopano apuma." Sitinadzale mtengo olo umodzi pamalo amenewo.

Ngati eni ntchito anena kuti malo ena akufunikadi kudzala, tsatirani mtundu womwe akuuzani ndi malo omwe akulozerani, yang'anani mitengo yomwe ili moyandikana pa msinkhu womwewo wa nthaka, ndipo musadzale m'mizere yowongoka ngati munda. Poyenda m'matope tsatanani njira imodzi, mapazi 30 omwazikana amapha mbande zomera zokha zambiri kuposa zomwe mungadzale.

Kumtunda nkhondo yake ndi ya tchire lobwera. Denga la nkhalango likang'ambika, zomera zoyanga ndi zitsamba zachilendo zimathamanga kuposa mitengo yachilengedwe n'kuiphimba. Lantana ndi lukina zavutitsa zilumba zambiri, ndipo mitengo ya casuarina, yomwe kwawo ndi ku Australia, kum'mwera chakum'mawa kwa Asia ndi zilumba za Pacific, ku Bahamas ndi mdani wa gombe poti masamba ake amaphimba pansi osalola china kumera ndipo imazuka msanga ndi mphepo. Koma mwana asazule chomwe sakuchidziwa. Tsiku loyamba munthu wakumeneko awaonetse mitundu itatu kapena inayi yokha, aigwire, ainunkhize, ayerekeze ndi mbande zachilengedwe zofanana nayo, ndipo lamulo likhale loti ukakayika siya ufunse. Zozulazo zomwe zili ndi njere muziika m'masaka osazikoka pansi. Pulogalamu ya pafoni ya iNaturalist imathandiza kuzindikira zomera, koma netiweki ikhoza kusowa ndipo mawu omaliza ndi a mwini malo.

Ku nazale ndi komwe gulu la ana limaoneka phindu lake zedi. Kusefa dothi, kuthira m'machubu, kukonza mthunzi womwe unagwa, kutola njere pansi pa mitengo yomwe yapulumuka, ntchito yoti anthu awiri akanatha mwezi ana 15 amaimaliza masiku awiri akuimba. Kudzala kwenikweni kumadikira mvula, ndipo pomwe madzi amchere anasefukira nthaka imafuna itsukidwe kaye ndi mvula yambiri, nde mwina mitengo yomwe mwafesayo adzadzala ena inu kulibe. Palibe vuto.

Za makorali, zamoyo zooneka ngati miyala za pansi pa nyanja zija, ndingonena mwachidule, kumata zidutswa zothyoka ndi ntchito ya akatswiri osambira pansi pa nyanja. Ana asaponde, asagwire, asatole olo kachidutswa kokumbukira ulendo.

Madzi akumwa samalani nawo ngati golide. Pazilumba zazing'ono zosakwera, madzi abwino amakhala ochepa pansi pa nthaka atayandama pamwamba pa amchere, nde nyanja ikasefukira zitsime zimalowa mchere ndipo zimatenga miyezi yambiri kuti zibwerere. Funsani ngati mukuyenera kubwera ndi madzi anu, sambani ndi ndowa imodzi, ndipo mabotolo apulasitiki omwe mwabwera nawo mubwerere nawo. Malo ogona ndi chakudya lipirani bwinobwino, anthu amene ataya denga asakudyetseninso ulere chifukwa cha ulemu wawo.

Khalidwe la ana likambidwe musanafike. Anthu amenewa ena anataya abale, si malo ojambulirapo zithunzi zosekerera kutsogolo kwa nyumba yakugwa. Kujambula munthu yambani mwapempha, ana a eni osawaika pa intaneti popanda chilolezo cha makolo awo, ndipo osakakamiza munthu kufotokoza za usiku wa namondwe, akafuna adzanena yekha inu n'kumvetsera. Ngati pali sukulu, pemphani kuti ana akumeneko agwire nanu limodzi, iwowo amadziwa mayina a mitengo, nsomba ndi mphepo zomwe buku lanu lilibe, ndipo ana anu aone kuti abwera kudzaphunzira kwa anzawo. Madzulo aliwonse khalani pansi mphindi 20, aliyense anene chomwe waona ndi chomwe chamuvuta. Ena amalira, zimachitika, mukhale nawo pafupi.

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, nde zomwe mungasiye zolembedwa n'zofunika kwambiri. Yezani zinyalala pa sikelo tsiku lililonse, lembani mitundu yake, bungwe la Ocean Conservancy lomwe lakhala likutsogolera ntchito yoyeretsa magombe kuyambira 1986 lili ndi pulogalamu ya Clean Swell yolembera zimenezi. Khomani zikhomo zolimba zokhala ndi manambala m'malo angapo, imani pachikhomo chilichonse, jambulani kuyang'ana mbali imodzi foni ili pa msinkhu wa chifuwa, lembani tsiku, nthawi ndi mmene madzi analili. Pafupi ndi chikhomocho yezani kabwalo ka mamita awiri mbali zonse n'kuwerenga mbande zomwe zilimo. Zonsezi siyani kope limodzi kwa eni ake, limodzi mutenge. Zida zomwe zatsala, magolovesi abwino, mawilibala, sikelo, perekani kwa gulu lomwe linakulandirani pamaso pa anthu kuti pasadzakhale mkangano.

Mukabwerera jombo zija zitsukidwenso musanakwere boti, poti njere zimayenda mbali zonse ziwiri. Uzani makolo kuti mwana akatentha thupi, kumva mutu kapena kuphwanya m'minofu mkati mwa mwezi umodzi apite naye kuchipatala msanga ndipo akanene kuti anali m'matope ndi m'madzi osefukira, dokotala asangoganiza za malungo okha. Ndipo mu bajeti muja musiyemo kandalama kolipira munthu wapachilumbapo woti azithirira nazale, kuzulanso tchire lomwe laphuka, ndi kujambula pazikhomo zija pakatha miyezi 3, 6 ndi 12. Sankhani ana awiri oti ntchito yawo ikhale kumuimbira foni masiku amenewo, mayina awo ndi madeti alembedwe pa bolodi m'kalasi.

Chithunzi chathu cha miyezi 6 chinabwera pa WhatsApp tili mkati mwa phunziro, chojambulidwa pa chikhomo nambala 4, kuseri kwa khwawa lija. Ndinayendetsa foni desiki ndi desiki, ana akukulitsa ndi zala n'kumawerenga timbande tomwe tamera tokha m'matope, masamba awiriawiri. Mu kope lathu pa kabwalo kameneko tinalemba ziro. Anawerenga 17, wina akuti 18, mpaka tinachita kuwapempha bambo aja kuti mawa madzi akaphwa akatiwerengerenso pamalopo.